Labala ya Kalisto

Alipo anthu amene Mulungu adawapatsa mutu wabwino nawamana chiwindi. Kalisto Chadzunda wa ku Lobi adali wotero, ndipo mpaka lero ana a mlongo wake akamamtchula amayamba alavula kaye. Sukulu adalekeza sitandade eyiti kumishoni, koma dzanja lake polemba lidali lokongola mwakuti aphunzitsi ankapachika mapepala ake pakhoma kuti anzake aonerepo. Chimene adachigwira bwino koposa kulembako adali mawu awiri, “Inde bwana,” ndipo ankawatchula msanga, wofunsayo asanatsirize n’komwe funso lake. Mbuzi ikadavala tayi, Kalisto akadaivulira chipewa.

Mu 1976 adalembedwa ukalaliki padepoti ya kampani ina yochulukitsa mbewu ya nyemba. Kampaniyo inkapereka mbewu yabwino kwa alimi osankhidwa mazana atatu, iwo n’kuibzala payokha m’munda, mlangizi n’kumayendera, ndipo pokolola kampani inkagula nyembazo kukagulitsa kwina ngati mbewu. Kukhala m’gulu limeneli udali mwayi waukulu. Ukaona nyumba ya malata m’mapiri a ku Lobi masiku amenewo, sunkafunsa, unkangodziwa kuti pakhomopo pali nambala ya kampani. Malo sankawonjezera, ndipo odikira adalipo ambiri kuposa olowa.

Mlimi aliyense adali ndi khadi lake lokhala ndi nambala, ndipo makhadiwo ankakhala m’bokosi lamatabwa patebulo la Kalisto. Kutsogolo kwa khadi, akuluakulu a ku Blantyre adasindikizako mizere itatu: dzina la mutu wa banja, mudzi, ndi kukula kwa munda. Koma ku Lobi mutu wa banjayo amabwera ndi khasu ndi bulangete, munda amaupeza. Ndi wa mkazi, adamusiyira ndi amake, ndipo ukwati ukatha mkamwini amanyamula bulangete lake n’kuona msewu. Kalisto ankazidziwa bwino zimenezi, popeza naye adali mkamwini kumudzi kwa mkazi wake Elena, ndipo ngakhale mtengo wa pichesi umene adabzala yekha kuseri kwa nyumba sankautchula kuti ndi wake apongozi ake ali pafupi.

Tsono adapeza njira yake, ndipo apa tisam’mane ulemu, idali njira yanzeru. Dzina la mwamuna kutsogolo ankalilemba ndi pensulo. Kuseri kwa khadi ankalembako ndi inki dzina la mkazi, la amake, ndi la malume woyang’anira mbumbayo. M’thumba la malaya ankasunga labala yomangirira chingwe. Banja likatha, kapena bambo akamwalira, kapena akapita ku esiteti ku Kasungu n’kuiwala njira yobwerera, mayi ankabwera ndi nkhoswe yake, Kalisto n’kufufuta pensuloyo, n’kuuzira phu, n’kulemba dzina lina. Nambala inkatsala ndi munda. Kwa zaka khumi ndi zitatu sipadamveke mkangano ndi umodzi womwe padepotipo.

Khadi nambala 114 lidali la mlongo wake wamng’ono, Jesinta. Munda wake udali wotsetsereka kulowera kudambo, umene mayi awo adamsiyira, ndipo pomwalira mayiwo adagwira dzanja la Kalisto namuuza kuti aziyang’anira mlongo wake ndi ana ake. Ndi nyemba za m’munda umenewo Jesinta adalera ana anayi nafolera nyumba ndi malata. Mwamuna wake woyamba adamwalira, labala idagwira ntchito yake, ndipo pamalopo padalembedwa dzina la wachiwiri, Gervazio. Ameneyu adali munthu wa tsitsi lonyezimira mafuta ndi m’manja mofewa ngati mwa mwana wakhanda. Khasu linkamudwalitsa msana, koma njinga yopita ku Chimbiya, kumene ankati akukagulitsa mbatatesi pamsewu, siinkamudwalitsa chilichonse.

Mwezi wa Epulo 1989 kudabwera kalata yoti likulu la kampani lagula kompyuta, ndipo kukubwera munthu wodzajambula kayendetsedwe ka ntchito yonse ya padepoti kuti akaiphunzitse makinawo. A Alufeo, manijala wa depotiyo, bambo wa mimba yotsogola ndi baji yonyezimira pajekete, atawerenga kalatayo adatuluka thukuta kukuzizira. Adalamula kuti makoma apakidwe laimu, miyala ya m’mbali mwa njira ipakidwe laimu, ndipo akadapeza nthawi akadapaka ndi nkhuku zomwe. Kenaka adaitana Kalisto natseka chitseko.

“Za labala zako zija usazitchule,” adatero a Alufeo. “Buku la malamulo a kampani likuti khadi silisinthidwa popanda chilolezo cha ku likulu. Ukufuna akanene kuti ku Lobi tili ndi malamulo athuathu? Munthu wa malamulo akeake masiku ano ukudziwa kumene amakagona.”

“Inde bwana,” adatero Kalisto.

Mantha amenewo sadali opeka, zoona. Zidali zaka zoti ngakhale kutsokomola unkayamba wayang’ana kumbuyo. Koma palibe adamangidwapo chifukwa cha labala, ndipo Kalisto mumtima mwake ankadziwa. Sabata imeneyo labala adaisiya kunyumba, pansi pa mphasa.

Wojambulayo dzina lake adali Anselmo, mnyamata wokulira m’tauni ku Blantyre, mwana wa munthu wa ku njanji, amene chikamwini ankangochimvera m’nthabwala. Adafika ndi mpukutu wa mapepala aakulu ndi lula ya pulasitiki yoboolaboola yojambulira mabokosi. Sadali munthu woipa kapena wodzimva. Ankapereka moni kwa alonda, ankadya chimanga chootcha pakhonde, ndipo kwa masiku atatu adakhala pambali pa Kalisto akufunsa mafunso ngati mwana woyamba kuyankhula.

Papepala loyamba adajambula ulendo wa mbewu. Bokosi loyamba, mlimi wafika. Muvi. Kalaliki wapeza khadi. Muvi. Mbewu yaikidwa pasikelo. Muvi. Mlangizi wayendera munda, ndipo apa mzere udagawika pawiri, wina wa munda wokhoza, wina wa munda wolephera. Kalisto adasilira. Ntchito imene ankaigwira zaka zonsezo osaiganizira adaiona itagona papepala, ndi mutu ndi miyendo yake yomwe.

Papepala lachiwiri Anselmo adajambula mabokosi atatu okha, nalemba m’kati mwake ndi zilembo zazikulu kuti MLIMI, MUNDA, MBEWU.

“Apa ndiye pagona nkhani, a Chadzunda,” adatero. “Kompyuta ilibe nzeru zongoganizira. Chimene sichili papepala pano, kwa iyo kulibe. Anzanga olemba mapulogalamu sadzaponda kuno, adzangoona pepala ili n’kumanga zimene lanena. Ndiye mundiuze mmene mumachitira zenizeni, osati mmene buku limanenera. Nambala ili pakhadiyi ndi ya ndani, ya munthu kapena ya munda?”

A Alufeo adali ataima pakhomo, manja kumbuyo. Adatsokomola kamodzi.

“Ya munthu, bwana,” adatero Kalisto. “Mutu wa banja.”

Anselmo adalemba nambalayo m’bokosi la MLIMI. Kenaka adajambula mzere kuchoka pamenepo kupita ku MUNDA, ndipo kumapeto kwake adaikako timizere titatu ngati phazi la nkhuku. Adafotokoza kuti tanthauzo lake ndi loti mlimi mmodzi akhoza kukhala ndi minda ingapo, koma munda uliwonse uli ndi mlimi mmodzi, ndipo popanda mlimiyo mundawo kulibe.

“Nanga munda ungachoke kwa mlimi uyu kupita kwa wina?”

“Iyayi, bwana.”

Mnyamatayo adatola khadi limodzi m’bokosi, nalitembenuza, naona maina atatu a inki. Lidali khadi la mayi wina wa ku Kabwazi. Adafunsa kuti amenewo ndi maina a ndani.

“Angokhala a mayi a pakhomo, bwana. Ndimalemba kuti ndisamasokoneze anthu a maina ofanana.”

“Ndiwapangire bokosi lawo?”

“Musavutike, bwana.”

Zimanyansa kuzikamba. Amati safunsa adadya phula, koma uyu adafunsa, nafunsanso, ndipo phulalo adamupatsa ndi manja awiri munthu amene ankadziwa kumene kuli uchi. Likadakhala bodza la munthu wakuba bwenzi tikuti njala. Ili lidali bodza la ulemu, lonenedwa mutu utapendekeka ndi manja akusisitana. Tsiku lachitatu Anselmo adapempha kuti kalaliki asaine pansi pa pepalalo kutsimikiza kuti ntchito imayenda chomwecho, ndipo Kalisto adasaina ndi dzanja lake lokongola lija, mpaka Anselmo adayamikira kalembedweko.

Mwezi wa Meyi galimoto idabwera kudzatenga bokosi la makhadi kupita nalo ku Blantyre. Kumeneko otayipa adalowetsa m’kompyuta zimene zidali kutsogolo. Za kuseri zidalibe polowera, choncho palibe adavutika kutembenuza khadi ndi limodzi lomwe. Pensulo idasanduka yosafufutika, inki n’kutayika.

Tsoka silinunkha. Mwezi wa Julayi zidaululika kuti mbatatesi zimene Gervazio ankakagulitsa ku Chimbiya zidali ndi nyumba, ndi mpango, ndi mimba ya miyezi isanu. Ankhoswe adakhala pansi, Kalisto ali pomwepo ngati mwini mbumba, ndipo ukwati udatha dzuwa lisanapendeke. Gervazio adamanga bulangete lake pa njinga napita akuimba likhweru. Jesinta sadagwetse msozi. Adasesa pakhomo, nasesanso, ndipo poperekeza mlongo wake adamuuza kuti, “Achimwene, mukafufute dzina lija.”

“Ndikonza, usadandaule,” adatero Kalisto.

Dzanja lake lidapita lokha m’thumba la malaya. Labala idalimo, koma khadi loti afufute padalibe. Akadamuuza mlongo wake tsiku lomwelo, mwina Jesinta akadapita yekha kukagwada kwa a Alufeo, kapena akadakonza mundawo kuti abzale chimanga. Koma Kalisto sadamuuze, ankangoganiza kuti zikonzeka zokha. Jesinta adatha mwezi wa Seputembala ndi wa Okotobala akusenza manyowa pamutu kuchoka kukhola kupita kumunda wotsetsereka uja, nakonza mizere yowongoka yoyembekeza mbewu ya kampani.

Mwayi wina udabwera, ndipo udachita kubwera pagalimoto. Kumapeto kwa Okotobala Anselmo adafikanso ndi pepala lalitali la mizere yobiriwira ndi timabowo m’mbali, lotuluka m’kompyuta, kuti kalaliki aone ngati maina alembedwa bwino. Kalisto adayendetsa chala mpaka pa 114, naona dzina la Gervazio litakhala pamenepo ngati chule m’madzi akumwa. 

“Bwana,” adatero ndi mawu otsika, “ngati mwamuna wachoka pabanja, zimakhala bwanji?”

“Nambala ndi yake, amapita nayo,” adatero Anselmo. “Amangodzaza fomu yotiuza munda wake watsopano. Si mmene munanenera?” Adamuyang’anitsitsa. “A Chadzunda, ngati pali cholakwika nenani lero. Kusuntha nambala kuichotsa pa munthu kuiika pa munda ndi ntchito ya miyezi, ndipo abwana anga akalipa, koma n’zotheka. Mungondilembera mizere iwiri yoti pepala lija linalakwika, ine ndikamenyera nkhondo. Mwezi wamawa ndikupita kukayamba ntchito ina, ndipo wobwera pambuyo panga sadzadziwa n’komwe kuti Lobi ali kuti.”

Mizere iwiri! Munthu amene ankatha kulemba tsamba lonse osadontheza inki. Kalisto adayang’ana kukhomo. A Alufeo sadalipo n’komwe, adali kunja akukalipira alonda, mawu awo okha ndi amene ankamveka. Mawuwo adakwanira.

“Ayi, bwana, ndimangofunsa.”

Tsiku logawa mbewu lidafika mu Novembala, m’mawa wa nkhungu, mvula yoyamba itagwa kale kawiri. Alimi adadzaza pabwalo la depoti ndi matumba awo, ambiri mwa iwo amayi, monga zinkakhalira chaka ndi chaka. A Alufeo adaima pakhonde nalengeza kuti chitukuko chafika, ndipo kuyambira lero mbewu azilandira ndi mwini dzina lolembedwa papepala la kompyuta, adinde chala kapena asaine yekha. Pakhoma kumbuyo kwawo adali atapachikapo pepala lija la mabokosi atatu, m’felemu ya galasi, kuti alendo aziona kuti Lobi sadatsalire.

Kalisto adayamba kuitana. Pa nambala 9 adaimirira mayi amene mwamuna wake adali ku Kasungu chaka chachiwiri, ndipo adabwezedwa. Pa 31 adaimirira wamasiye wa mwezi umodzi, naye adabwezedwa, atauzidwa kuti womwalirayo ndiye mwini nambala. Pabwalo padayamba kung’ung’udza ndi kutsonya, koma chapansipansi, mmene anthu ankang’ung’udzira zaka zimenezo. Kalisto sadadzutse mutu. Ankawerenga bwino, momveka, ngati akuwerenga kalata ya Paulo m’tchalitchi.

“Wani handiredi fotini,” adatero. “Gervazio Kamzimbi.”

Jesinta adaimirira ndi thumba lake, osadabwa, poti dzina la pakhadi silidakhalepo nkhani. Ankaganiza kuti mlongo wake wangoiwala kufufuta. Asanaponde khonde, kumbuyo kwa anthu kudalira belu la njinga. Mbiri yoti chaka chino mbewu ikutsata dzina idali itafika ku Chimbiya kalekale, ndipo Gervazio, amene sadadzukepo m’mamawa chifukwa cha munda, tsiku limenelo adalawirira. Adatsamiritsa njinga pachipupa chopakidwa laimu, nakwera pakhonde akumwetulira, fungo la mafuta a m’tsitsi lili patsogolo.

“Alamu!” adatero. “Mwadzuka bwanji? Ndiye mwanenepatu. Ndamva kuti pali kafomu ka munda watsopano, mundipatseko kamodzi. Akazi anga ali ndi malo abwino kwambiri, a dothi lakuda.”

Munthu wina akadamulavulira, kapena akadaponya pepalalo pansi n’kutuluka. Kalisto adatsegula dilowa, natulutsa fomuyo, namudzazira yekha popeza Gervazio sankalemba bwino. Adayeza mbewu pasikelo, namanga pakamwa pa thumba, ndipo Gervazio atadandaula za msana wake, adamuthandiza kulikweza pa njinga. Belu lidaliranso, njinga n’kutsetsereka kulowera kumsewu.

Jesinta adaona zonsezi ataima pomwe adaimapo. Kenaka adagwada pang’ono kutsogolo kwa a Alufeo, monga mwa mwambo, nafunsa kuti zatani.

“Kompyuta ndiyo yanena, mayi,” adatero a Alufeo. “Ife sititsutsana ndi makina.”

“Kompyutayo idabwera liti kudzaona munda wanga?” adafunsa Jesinta. “Idamuona munthu ameneyu atagwira khasu? Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikubweretsa nyemba pano ndi mutu wangawu. Adaiuza ndani kuti nambala ndi yake?”

Maso onse adali pakhonde tsopano, ndipo a Alufeo sankakonda kuyang’anidwa ndi anthu mazana awiri nthawi imodzi. Munthu wotere madzi akafika m’khosi amaponda pamutu pa amene ali pafupi. Adatembenuka naloza felemu ija.

“Ine sindinalembe kanthu, mayi. Zonse zinachokera apa, ndipo wotsimikiza anasaina pansipo. Onani nokha.”

Jesinta sukulu adalekeza sitandade thuu, ndipo mabokosi ndi phazi la nkhuku lija sizidamuuze kanthu. Koma dzanja limene lidali pansi pa pepalalo ankalidziwa. Banja lonse linkanyadira dzanja limenelo. Ndi lomwe lidalemba maina a ana ake kuseri kwa buku la mapemphero, ndi lomwe lidalemba dzina la mayi awo pamtanda kumanda. Adaliyang’ana nthawi yaitali. Kenaka adapinda thumba lake lopanda kanthu, pawiri, panayi, naliika patebulo la mlongo wake, pamwamba pa pepala la mizere yobiriwira.

“Achimwene, mu Julayi muja munkadziwa?”

Kalisto adayang’ana sikelo.

“Pamene ndinkasenza manyowa, inu n’kumadutsa pamunda n’kumati ‘zikomo ndi ntchito,’ munkadziwa?”

“Jesinta, zinthu zake n’zovuta. Ukadadziwa mmene akuluakulu...”

“Labala ija muli nayo?”

Kalisto adapisa m’thumba msangamsanga naitulutsa, ikulendewera pachingwe chake, ngati kuti mwina pali chimene ingakonzebe. Jesinta sadailandire.

“Isungeni,” adatero. “Mukafika kwa alamu anga a Elena mukadzifufute nokha pambumba ya amayi. Ana anga ndiwapezera malume ena.”

Adatsika pakhonde, ndipo amayi amene adabwezedwa aja adamupatsa njira, ena n’kumutsata. Kalisto adaimirira theka, labala ili m’manja, pakamwa pali yasa. Mlongo wake adali asanafike n’komwe pamiyala yopakidwa laimu ija, ndipo akadathamanga akadamupeza.

“Kalisto!” adakuwa a Alufeo. “Anthu akudikira. Nambala yotsatira!”

“Inde bwana,” adatero Kalisto. Adakhala pansi, nasuntha thumba la Jesinta kuti aone bwino pepala, naitana 115.